Mesho: Dzina la Munthu Wokhala Naye Chipinda Chimodzi

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Lero m'pulogalamu yathu yokambirana za chiyankhulo tatenga funso looneka laling'ono, koma likakugwera pamaso pa akuluakulu umayamba kuchita chibwibwi. Pali munthu amene si mbale wako, si mkazi wako kapena mwamuna wako, si mlendonso ayi. Mumalowera khomo limodzi, kiyi mumabisa pamalo amodzi, mwezi ukatha mumasonkherana ndalama ya lendi. Munthu ameneyu m'Chichewa timamutcha ndani?

Achinyamata amene akumvetsera ayankha kale kuti ameneyo ndi mesho. Ndikudziwanso kuti pali aphunzitsi ndi makolo amene akwinya nkhope pomva mawu amenewa, akuti chimenecho si Chichewa. Ndikupempha mbali zonse ziwiri kuti musatseke wailesi. Tiyambire kumudzi.

Mukafunsa agogo kuti munthu wokhala naye nyumba imodzi amatchedwa chiyani, iwo akubwezerani funso: kodi ndi mwana wa yani? Sakuzemba ayi. Kwa iwo yankho lagona pamenepo. Kale mnyamata akasinkhuka sankagonanso m'nyumba ya makolo ake, chifukwa mwambo sulola mwana wozindikira kuyala mphasa pafupi ndi pogona bambo ndi mayi ake. Anyamata ankadula mitengo, kuphoma ndi kufolera kanyumba kawokawo, gowelo, limene madera ena amati mphala. Atsikana ambiri ankagona kukuka, m'nyumba ya agogo aakazi, kumene usiku kunkakhala nthano, zilapi ndi malangizo; ena ankakhala ndi gowelo lawo. Kwa Angoni kunali laweni. Margaret Read, mayi wa ku Britain amene anakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, anafotokoza m'buku lake la 1959 lotchedwa Children of Their Fathers momwe mnyamata ankachokera m'manja mwa amayi akangoyamba kumera mano achikulire, n'kupita kukagona kulaweni, kumene anyamata akuluakulu ankalamula ang'onoang'ono ndi kuwazoloweretsa kupirira ndi kuweta ng'ombe.

Taonani chimene chiyankhulo chathu chinachita. Chinapatsa dzina nyumba, munthu n'kumusiya. Gowelo, mphala, kuka, laweni, onsewa ndi maina a nyumba, koma mawu amodzi otchulira mnzako wa m'menemo sitinakhale nawo. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona: aliyense wa m'gowelomo anali nalo kale dzina. Uyu ndi mkulu wako, uyu mng'ono wako, uyo mwana wa amayi aang'ono, amene kwathu kuno ndi mbale wako weniweni ndithu, ujayo msuweni. M'mudzi wa chikamwini, mmene akazi apachibale amamanga moyandikana, ana awo aamuna ndi amene ankadzaza gowelo. Munthu ndi achimwene ako kale, ungawafunirenso dzina lina la chiyani? Akadzakumana atakula, wina atapita kuchikamwini kutali, ankangoti, "Tinakulira gowelo limodzi," ndipo womva ankadziwa kuti awa anafunda bulangete limodzi, palibe chimene angabisirane.

Vuto la dzina linabadwa pamene anthu anayamba kugona nyumba imodzi ndi anthu achilendo. Oyamba kulawa zimenezi mwaunyinji anali amuna opita kumigodi ndi kumafamu. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, amuna a ku Nyasaland ankatsika kupita ku Salisbury, ku Bulawayo, ku Wankie ndi ku Johannesburg, ena wapansi, ena kudzera ku Wenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito za m'migodi ya golide. Kumeneko ankaikidwa m'makomponi, amuna ambirimbiri m'chipinda chimodzi, pa mabedi a simenti osanjikizana. Mawu oti komboni, amene abale athu a ku Lusaka ndi ku Chipata amatchulira malo okhala anthu wamba m'tauni, ali ndi muzu umodzi ndi komponi. Koma ngakhale kumeneko makolo athu sanapeke dzina latsopano. Anangotambasula lakale. Munthu ankafunafuna wakwawo kuti agone moyandikana, asungirane ndalama, auzane za kumudzi. Ku Dedza wakwanu ndi wa m'mudzi mwanu. Ku Johannesburg wa ku Karonga ndi wa ku Nsanje ankatchulana kuti wakwathu, ndipo wina akafa, mnzakeyo ndi amene ankanyamula uthenga ndi sutikesi kupita nazo kwa namfedwa.

Sukulu zogonera konko zinabwera ndi njira yake. Blantyre Secondary School inatsegulidwa mu 1940, Zomba Catholic mu 1942, Dedza mu 1951. Komabe chipinda chachikulu cha ana ambiri chinkafanana ndithu ndi gowelo, mpaka ndi akuluakulu ake olamula ang'onoang'ono. Chachilendo kwenikweni chinali chipinda cha anthu awiri. Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965, ndipo mu 1973 Chancellor College inasamuka ku Chichiri kupita ku Zomba. Tayerekezani mnyamata wa ku Chitipa atalandira kiyi, akutsegula chitseko n'kupeza kuti bedi linalo latengedwa ndi mnyamata wa ku Mulanje. Sanasankhane. Wina amapemphera Loweruka, wina Lamulungu. Wina amawerenga usiku nyali ili ngwee, wina amagona ndi nkhuku. Sangamutche mbale. Sangamutchenso mnzake pa tsiku loyamba, chifukwa ubwenzi sunayambe ndipo mwina sudzayamba n'komwe. Komabe munthuyo alipo, akupuma pamtunda wa mikono iwiri, ndipo afunika dzina.

M'makoleji ndi m'mayunivesite ndi mmene mawu oti mesho amamveka kwambiri, ndipo ophunzira akamaliza amatuluka nawo n'kukawagwiritsa ntchito ku Ndirande, ku Kawale, ku Chibavi ndi kulikonse kumene achinyamata oyamba ntchito amagawana nyumba. Akatswiri a ziyankhulo anaona kale kuti achinyamata athu ali ndi kayankhulidwe kawo kopeka mawu atsopano. Pulofesa Francis Moto analemba za chiyankhulo chatsopanochi mu 2001, ndipo Chimwemwe Kamanga anachifufuza pansi pa dzina loti Chibrazi. Mawu ambiri a m'kayankhulidwe kameneka amaphuka lero n'kufota mawa, chifukwa amangobwereza zimene tili nazo kale mawu ake. Mesho sanafote, ndipo ndikukhulupirira kuti chifukwa chake n'chakuti anapeza malo opanda mwini.

Mvetserani momwe mawuwa amamvera malamulo a Chichewa. Timati mesho wanga wabwera, monga timanenera kuti neba wanga wabwera. Ali m'gulu la maina a anthu. Ukafuna kulemekeza umati amesho. Akachuluka ena amati amesho, ena mamesho. Ndipo monga bwenzi amabala ubwenzi, mbale n'kubala ubale, mesho angathe kubala umesho, aliyense n'kumva chimene ukutanthauza. Mawu amene akutsata magulu a maina, akulandira ulemu, akubala ena, amenewo akhazikika m'chiyankhulo, kaya ife aphunzitsi tawavomereza kapena ayi.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Wina anena kuti, bwanji osangofotokoza m'Chichewa chenicheni? Tiyeni tiyese, koma tiyende mosamala chifukwa njirayi ili ndi maenje. Tamverani kukambirana uku pakati pa mayi ali kumudzi ndi mwana wawo wamkazi amene wangoyamba ntchito m'tauni.

MAYI: Iwe, ukuti mwagula mbaula ndi mapoto. Mwagula ndi yani?

MTSIKANA: Ndi amene ndikukhala nawo, amayi.

MAYI: Ukukhala nawo? Mwana iwe, walowana ndi munthu ife osadziwa? Amalume ako amva zimenezi?

MTSIKANA: Ayi amayi, musatero. Ndi mtsikana mnzanga wa kuntchito. Nyumba ndi yodula, ndiye tikulipira theka theka.

MAYI: Ukanatero poyamba pomwe! Mtima unangoti myuu. Makolo ake ndi a kuti?

WOULUTSA: Mtsikanayu sananame ndipo sanalakwitse galamala. Koma m'Chichewa, mkazi akati ndikukhala nawo, makamaka ndi ulemu wa nawo uja, khutu limathamangira kubanja. Nanga akanati ndi amene ndimagona nawo? Pamenepo ndiye amayi akanakwera basi tsiku lomwelo. Mneni woti kugona akatsatana ndi naye kapena nawo, popanda china chotsatira, amanena za mwamuna ndi mkazi. Kuti apulumuke, woyankhula ayenera kumaliza chiganizo chonse mosapumira: ndimagona naye chipinda chimodzi. Mawu awiri omalizawo akangomezedwa ndi phokoso la pafoni, mbiri ya munthu yaipa.

Maenje ena ndi awa. Munthu angaganize kuti wokhala naye nyumba ndi wakunyumba. Koma akunyumba kwathu kuno ndi mkazi wako kapena mwamuna wako; mayi akunyumba, bambo akunyumba. Mtsikana akati uyu ndi mkazi mnzanga, pofuna kunena kuti ndi wamkazi ngati ine, ena amva za mitala. Akati bwenzi langa, masiku ano ambiri amva chibwenzi. Mnansi ndi neba ali kuseri kwa khoma kapena kutsidya kwa mpanda, sali m'kati. Otsala ndi mnzanga, mawu okoma zedi, amene sangaime okha popanda mwini: mnzanga, mnzako, mnzake, mnzathu, mnzanu, mnzawo. Koma mnzanga ndi chitseko chachikulu cholowera aliyense, wa kusukulu, wa kutchalitchi, wa pabawo. Uyenera kuwonjezera ndithu: mnzanga wokhala naye nyumba imodzi. Chiganizochi n'cholondola, ndipo ndi chimene ndingalangize aliyense kulemba m'kalata kapena kunena pamaso pa mfumu. Koma ndi mawu asanu, ndipo palibe angaitane munthu ali kubafa ndi mawu asanu.

Nkhaniyi siyenera kutengedwa mwachibwana, makamaka kwa atsikana ndi amayi. Anamwino, aphunzitsi ndi alangizi a zaulimi akatumizidwa kudera kumene nyumba ndi zochepa, nthawi zambiri amagawana nyumba imodzi, wina chipinda ichi wina icho, ndipo nthawi zina amakhala mwamuna ndi mkazi. Pamene palibe dzina lomveka bwino la ubale wotere, anthu amaupatsa dzina limene ali nalo pafupi, ndipo dzinalo ndi miseche. Mawu amodzi onena mosabisa kuti awa amangogawana denga ndi lendi amateteza ulemu wa munthu.

Musaganize kuti Azungu analongosola zonse. M'Chingelezi cha ku America, mawu oti roommate, amene anayamba kulembedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, amanena aliyense wokhala naye nyumba, ngakhale aliyense ali ndi chipinda chake. Ku Britain mawu omwewo amanena munthu wogona naye chipinda chimodzi chenicheni. Wogawana naye nyumba amamutcha flatmate kapena housemate. Abale athu opita kukaphunzira kapena kukagwira ntchito ku London, ku Manchester kapena ku Leicester ayenera kudziwa kusiyanaku asanayankhe chidziwitso cha nyumba, kuopa kulipira poganiza kuti apeza chipinda chawo, n'kukapeza mabedi awiri. Ku Lusaka, eni nyumba zogona ophunzira satsatsa chipinda, amatsatsa bed space, kutanthauza malo a bedi limodzi basi.

Omvera athu a ku Tete ndi ku Angónia ali ndi mawu ena amene amawadziwa bwino: camarada. Mawu amenewa, amene asilikali a Frelimo ankaitanirana pa nkhondo yomenyera ufulu, anachokera ku mawu a Chilatini oti camera, chipinda. Poyamba penipeni camarada anali munthu wogona naye chipinda chimodzi, makamaka pakati pa asilikali. Comrade wa m'Chingelezi, amene timamumva ku Zimbabwe ndi ku South Africa, anachokera komweko. Anthu anaona kuti amene wagona nawe chipinda chimodzi, wamva kutsokomola kwako, waona thumba lako litauma, ndi amene angaime nawe pa zovuta. Dzina la m'chipinda linakula mpaka kukhala dzina la pankhondo.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Tsopano tifike pa mtima wa tanthauzo, chifukwa si aliyense wogona m'nyumba mwako amene ndi mesho. M'matauni mwathu nyumba zambiri zili ndi munthu wosungidwa: mphwako wabwera kudzafuna ntchito, mlamu akudikira zotsatira za mayeso. Ameneyo si mesho. Amadya chimene wapatsidwa, sasankha wailesi yoti imvedwe, ndipo akauzidwa kuti abwerere kumudzi amalongedza. Wantchito wogonera pomwepo si mesho. Mlendo si mesho, paja akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ngakhale munthu amene mwini nyumba wamubwereketsa chipinda chimodzi m'nyumba yomwe iye akukhala si mesho kwenikweni, chifukwa wina ali pamwamba, wina pansi. Mesho ndi wofanana nawe mphamvu. Nonse muli ndi kiyi. Nonse muli ndi mawu pa za amene angalowe ndi nthawi yozimitsa nyali. Alandilodi akagogoda pa tsiku loyamba la mwezi, mitima imagunda iwiri.

Kufanana kumeneku ndi kumene kumapangitsa umesho kukhala wokoma komanso wovuta. M'gowelo munali mkulu. Mkangano ukabuka, ankaudula, ukamukanika unkapita kwa amalume. M'banja muli ankhoswe. Koma anthu awiri ogawana chipinda ku Zingwangwa alibe nkhoswe. Mayunitsi a magetsi akatha pakati pa mwezi chifukwa wina amasita tsiku lililonse, adandaule kwa yani? Wina akamabwera ndi chibwenzi chake mnzake n'kumakagona kwa aneba, mlanduwo auweruze ndani? Ubale umenewu ulibe mwambo wakale wouchirikiza. Chilichonse chiyenera kukambidwa ndi pakamwa: lendi, madzi, makala, tsiku losesa, alendo. Ife Amalawi timachita manyazi kukamba za ndalama ndi munthu amene tikuseka naye, timati zidziwika m'tsogolo. Manyazi amenewo ndi amene amapha umesho wambiri, kuposa kuba kapena ndewu.

Ndipo pali funso limodzi limene limagawa mamesho m'magulu awiri: kodi mumaphika limodzi? Ena amasonkherana ufa, mafuta, mchere ndi ndiwo, poto mmodzi. Ena aliyense ali ndi kathumba kake ka ufa pansi pa bedi ndi kabotolo kake ka mafuta. Funsoli si laling'ono, ngakhale boma limalifunsa. Pa kalembera wa anthu wa 2018, amene anapeza kuti m'Malawi muno tinali anthu oposa 17.5 miliyoni, ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba inkawerenga khomo poona anthu okhala pamodzi ndi kudya za mumphika umodzi, kaya ndi apachibale kapena ayi. Ndiye kuti anyamata awiri osadziwana makolo, akamaphika limodzi, m'mabuku a boma ndi khomo limodzi. Apa boma linagwirizana ndi agogo, amene kwa iwo kudyera mbale imodzi ndi chiyambi cha chibale. Ndimaona kuti mamesho ophika limodzi ndi amene amadzaitanana paukwati patapita zaka. Ophika payekhapayekha amasiyana mwamtendere, koma nambala za foni zimatayika.

Ndikufuna ndiime pang'ono pa ana a selofu, chifukwa amenewa ndi mamesho aang'ono kwambiri ndipo sitiwakamba mokwanira. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ana ofuna sekondale anachuluka, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 malo ambiri ophunzirira a MCDE anasanduka sukulu zoyendera za CDSS. Zambiri mwa sukuluzi zilibe malo ogona, pamene ana ena amachokera mtunda woti sangayende m'mawa uliwonse. Ndiye makolo amawapezera kachipinda pafupi ndi sukulu, nthawi zambiri pamsika, atsikana atatu kapena anayi m'chipinda chimodzi, akudziphikira okha. Mwana wa zaka 14 kapena 15 alibe agogo a kukuka omuyang'anira. Ufa ukatha Lachitatu, amene akudziwa ndi mesho wake. Bambo wina wa pamsika akayamba kumugulira sopo, woyamba kuona ndi mesho wake. Akadwala malungo pakati pa usiku, wogogoda kwa aneba ndi mwana mnzake yemweyo. Makolo, inu mumafunsa dzina la mphunzitsi wamkulu ndi la mwini nyumba, koma kodi dzina la mwana amene akugona pambali pa mwana wanu mumalidziwa? Makolo ake munakumana nawo? Mayi wa m'kukambirana kuja anafunsa funso loyenera mtima utangokhala pansi: makolo ake ndi a kuti?

Kuyunivesite nakonso zinthu zinasintha. Ophunzira anachuluka kuposa zipinda za pasukulu, ndipo ambiri tsopano amachita lendi kunja: a ku Zomba amadzaza Chikanda, a ku Mzuzu amafuna malo ku Luwinga, a ku Blantyre amabalalika m'makwalala a Chitawira ndi madera oyandikana nawo. Kumeneko mesho sakuperekedwanso ndi ofesi, umadzisankhira wekha, ndipo chimene chimasankhitsa nthawi zambiri ndi thumba. Chimodzimodzi ku Joni. Achinyamata athu amene ali ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town amagawana chipinda anthu angapo, nthawi zina chotchinga chili nsalu yokha, kuti ndalama yotsala itumizidwe kumudzi. Zidzukulu za amuna a m'makomponi aja zabwerera m'chipinda chothithikana. Kumeneko mawu akale ndi atsopano amayenda limodzi: mesho amakhalanso wakwathu, ndipo zikavuta ndi iye amene amaimba foni kumudzi ndi kuyendetsa msonkhemsonkhe.

Nanga mawuwa tiwagwiritse ntchito pati? Pakati pa achinyamata, mesho ndi dzina loitanira: mesho, wadzuka bwanji? Limamveka mwachikondi, ndipo anthu ena amaitanana choncho mpaka imvi, atasiyana nyumba kalekale. Pamaso pa apongozi, pabwalo la milandu, pamaliro pamene ukupereka uthenga, nenani chiganizo chonse: malemuwa tinkakhala nawo nyumba imodzi ku Lilongwe. Kwa munthu wamkulu kuposa iwe amene mwangogawana nyumba chifukwa cha ntchito, usathamangire kumuitana mesho. Achimwene, achemwali, kapena dzina la ntchito yawo ndi zimene zimasunga ulemu. Ndipo ndamvapo mawuwa akugwiritsidwa ntchito modandaula ndi anthu apabanja, akuti m'nyumba muno tangokhala ngati mamesho. Dandaulo limeneli likutiuza malire a tanthauzo lake: pa umesho pali denga, pali lendi, mwina pali poto, koma palibe pangano la moyo wonse. Aliyense amadziwa kuti tsiku lina wina adzanyamula matiresi ake.

Kwa aphunzitsi anzanga amene mukadali okwinya nkhope, ndikufunsani modzichepetsa. Sukulu, buku, tebulo, foni, lendi, neba, mawu onsewa sanabadwire m'gowelo, koma lero palibe amawathamangitsa. Centre for Language Studies ya ku Zomba, imene inatenga malo a Chichewa Board mu 1996, inatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, ndipo ntchito ya mtanthauziramawu aliyense ndi kulemba mawu amene anthu akuyankhula ndi kuonetsa malo ake oyenera. Ine ndingakonde kuona mawuwa atalembedwa motere: mesho, dzina la munthu, munthu amene si wapabanja pako, wokhala naye chipinda kapena nyumba imodzi mofanana mphamvu, mogawana zolipira, mawu ocheza, ofala pakati pa ophunzira ndi achinyamata a m'tauni. Mwana wa fomu 2 akawalemba m'chimangirizo chofotokoza moyo wa selofu, tisamudule malikisi. Timuphunzitse kuti m'kalata yopempha ntchito alembe chiganizo chachitali chija.

Chichewa chimayankhulidwa m'madera ambiri ndiponso mosiyanasiyana. Inu a ku Katete ndi ku Chadiza, inu a ku Ulónguè, inu a ku Mbare ndi ku Bulawayo amene makolo anu anachokera kuno, inu asilikali, apolisi ndi asodzi a m'misasa ya kunyanja, tiuzeni mawu amene mumatchulira munthu wogawana naye pogona, ndi amene mumaitanira nyumba yogona anyamata kapena atsikana kwanuko. Tilembereni kapena tiimbireni, tidzawerenga mayankho anu m'pulogalamu ya sabata yamawa.

(NYIMBO YOTSEKERA)